Chipinda cha a Wailesi

Lolemba, 3 Malichi

A Wailesi abweranso ku wodi. Bala la pamwendo latsegukanso. Mwezi watha tinawatulutsa litapola bwinobwino, koma munthu wogona pakhonde la sitolo, mvula ikumuwaza, bandeji ingakhale yoyera bwanji? Dzinali anawapatsa ndi anzawo chifukwa pakamwa pawo sipazima. Ndikutsuka balalo akuti, "Anesi, bedi langa lija mwandisungira?" Ndaseka, koma si zoseketsa.

Lachitatu, 5 Malichi

Msonkhano wa kafukufuku. Adokotala, mayi amene akutitsogolera, afotokozanso: odwala osowa pokhala tiwagawa pawiri mwa maere a pa kompyuta. Ena alandira chipinda chaka chathunthu, ena apitiriza monga kale, ife n'kumaona kuti akubwerera kuchipatala kawirikawiri ndi ati. Akuti kugoneka munthu mu wodi mobwerezabwereza kumadyera boma zambiri kuposa kumulipirira lendi, koma akuluakulu safuna nkhambakamwa, amafuna umboni. Yanga ndi kuyendera onse, kuyeza, kulemba.

Maere agwera a Wailesi. Mnzawo wogona naye khonde limodzi, a Telala, aja a mphumu, ayi.

Lachisanu, 7 Malichi

Ndawauza a Wailesi. Ndimati avina. Angoti zii, koyamba chiwadziwireni. Kenako, "Nanga achimwene a Telala?" Ndati maere alibe maso. Akuti, "Kompyuta yanuyo inawamvapo akutsokomola?"

Madzulo ndafotokozera bambo a ana. Akuti ndisamabwere nayo wodi patebulo. Kenako iwo omwewo mafunso mbwee, mpaka chakudya kuzizira.

Lachiwiri, 11 Malichi

A Wailesi asamuka. Chipinda chimodzi, zenera, matiresi, mpopi panja. Chitseko kutseka, kutsegula, kutsekanso, kungofuna kumva loko akulira.

Lachinayi, 13 Malichi

Ndayendera a Telala pakhonde paja. Chifuwa chikulira ngati ketulo. Kopopera mankhwala a mphumu anawabera, makatoni onse anyowa. Ndawapatsa kena, ndalemba. Basi, kulemba. Iwo n'kumanditonthoza ine: "Musadandaule mwana wanga, mnzanga akapeza ndapeza ndine."

Lachiwiri, 18 Malichi

Ndapita kwa a Wailesi kukatsuka bala osawachenjeza. Pawindo makapu awiri. Kuseri kwa chitseko a Telala, ataima ngati mwana wogwidwa ndi shuga kukamwa. Kuyambira Lachisanu akugona pa matiresi, eni chipinda pansi, pa makatoni.

"Anesi, inu simunaone kanthu," atero a Wailesi.

Bala likuuma. Chifuwa cha a Telala chapepuka, ndamvetsera kawiri kuti nditsimikize.

Ndikanena, mwina awachotsa onse, poti pangano la lendi ndi la munthu mmodzi. Ndikabisa, manambala anama: a Telala aoneka ngati achirira pakhonde, akuluakulu n'kudzati nyumba n'zosafunika. Ndiye wovutika adzakhala ndani? Ndawauza poyera kuti sindibisa. A Wailesi sanandiperekeze.

Lachitatu, 19 Malichi

Mutu tsiku lonse. Adokotala kulibe.

Lachinayi, 20 Malichi

Ndanena. Adokotala anavula magalasi, kuwapukuta mpaka ndinayamba kuona ngati andiiwala. "Ndiye atisokonezera kafukufuku ndi chifundo," anatero, akudziletsa kuseka. Akuti tilembe zoona: a Telala akhalabe m'gulu lawo, koma tionetse tsiku limene analowa m'nyumba. Zotere zimachitika, pali njira yowerengera. Wothamangitsa munthu wa mphumu nyengo ya mvula sakhala iwo.

Koma eni nyumba ndikalankhule nawo ndekha. Akakana, palibe chochita.

Lachisanu, 21 Malichi

Eni nyumba ndi mayi wa mawu ochepa, amakhala khoma limodzi ndi chipindacho. Ndinayamba ndi kuzungulira, iwo anandidula. "Ndikudziwa. Wina amalankhula, wina amatsokomola, mumati ndine wogontha?" Anapitiriza kupinda zochapa. Kenako anati wotsokomolayo masiku ano sakumveka kwambiri, akhale, bola asamasiye mpopi wotsegula. Wolankhulayo ndiye achepetseko.

Ndinagogoda kwa a Wailesi. Mkati ndinaona katundu yense ali m'thumba, womangidwa kale. Matiresi aimikidwa kukhoma, pansi pokolopedwa mbee. Amati achoke okha asanathamangitsidwe, asiye malo aukhondo.

Ndinawauza ndili pakhomo pomwepo kuti akhala onse awiri. A Telala anakhala pansi pang'onopang'ono, n'kuyamba kulimbana ndi mfundo ya thumba. A Wailesi anandiyang'ana nthawi yaitali. Nditati ndilowe ndi bandeji yanga, anakweza dzanja.

"Nsapato, anesi. Muno ndi m'nyumba mwa anthu."

Ndinavula.