Mabatani Akukula Okha

9 Okutobala

Okondedwa achemwali,

Ndikhulupirira kuti nonse muli bwino kumeneko. Ine ndiliko, koma pali chinthu chandisowetsa mtendere, ndipo ndilibe wina womuuza.

Paja ndinakuuzani kuti abwana anandipatsa ntchito yokonza pulogalamu ya pakompyuta yogulitsira mankhwala musitolo muno. Ndinapeza chida chaulere chokonzera maonekedwe ake. N'chosavuta, ngakhale alamu aja amene amaopa foni yawo yomwe angachithe! Kumanzere kuli timabatani ndi timabokosi, pakati pali zenera lopanda kanthu. Umangogwira batani ndi mausi, n'kulikoka, n'kulisiya pamene ukufuna. Ukafuna kuti likule, umalikoka pakona.

Ndinayala zonse bwinobwino, timabatani tating'ono tooneka mwaulemu. Koma tsiku lina pochokera ku nkhomaliro ndinapeza batani la "Gulitsa" lafufuma. Ndinalibweza. M'mawa mwake lakulanso, zilembo nazo zanenepa. Ndinasintha pasiwedi, n'kuyamba kudyera pampando pomwepo osasuntha. Achemwali, zinthu zinkakulabe masanasana, ine ndili pompo! Zenera lija linadzaza mpaka mabatani anayamba kukwerana.

Dzana ndinapsa mtima, n'kuwayamba mayi a pakauntala, amene amakhala moyang'anizana ndi tebulo langa.

"Amayi, ndani akumagwira kompyuta yangayi?"

Iwo anati: "Iwe mwana, palibe amene amaigwira. Ndiwe wemwe. Umasendeza nkhope mpaka mphuno kugunda galasi, kenako dzanja lako limakoka pakona. Ine ndimayesa ukudziwa."

Ndinaseka, ndinati asandinamize ngati kamwana. Iwo anatenga botolo pashelefu, n'kukaima pakhomo, nati ndiwerenge dzina la mankhwalawo. Ndinangoona choyera chokhachokha, pakati pake pali kamdima ngati wina wadindapo chala.

Sindikukumbuka ngakhale kamodzi ndikukoka batani limenelo. Panopa ndikulemba, ndikumaima n'kuliyang'ana dzanjali ngati la munthu wina. Ilo linadziwa kalekale, mwini wakene ndisanadziwe.

Mukukumbuka mmene amayi athu anayambira, kumatipempha kuti tiwalowetsere ulusi pasingano, ati nyale ndi yofooka? Posakhalitsa tinkachita kuwagwira dzanja popita kubafa. Ndili ndi mantha, achemwali, mantha enieni. Lolemba ndipita kwa dokotala wa maso. Abwana sindinawauze, iwo akungoyamikira kuti mabatani akuluakulu ndiye abwino, munthu sangaphonye.

Amayi musawauze kanthu, angayambe kudziimba mlandu kuti anandipatsira ndiwo. Mundiperekere moni kwa alamu, muwauze kuti za foni zija ndimangocheza. Khanda lanu sindinalionebe chibadwire, ndimangomva kuti linatenga mphumi ya kwathu. Munati mudzabwera nalo likadzayamba kuyenda. Chonde musadikire kuti liyende. Bwerani nalo mwezi uno.

Ndine mng'ono wanu wokukondani.