Mwafufuta Mawu a Amayi

Achimwene,

Ndikhulupirira muli bwino kumeneko. Kuno ku Linda tadzuka, koma atate sakudya mokwanira chiikireni amayi m'manda.

Lachiwiri ba Mutinta, atelala anzawo a amayi, anandiitana kushopu. "Bwera uone, vonse vamene banalemba bamayi bako vasowa."

Ndinatsegula pa kompyuta database yosungamo miyeso munawakonzera amayi ija. Ndinapeza kuti mwalowetsamo fayilo yakale ya mtundu wa CSV kudzera pa intaneti muli komweko, osafunsa munthu, ndipo yafufuta mndandanda wonse wa makasitomala n'kulowa m'malo mwake. Fayiloyo ili ndi mayina ndi miyeso yokha, ilibe danga limene amayi ankalembamo ndemanga zawo. Mmenemo munali mawu ngati akuti, "Phewa lamanzere n'lotsika, koma osamuuza." Ndinkawerengako pang'ono tsiku lililonse kuti ndiwamve akulankhula.

Kumaliro simunabwere, ine ndinakhala chete. Izi zokha sindikhala chete. Ba Mutinta akuti munkakonza zinthu. Anakutumani ndani? Suja munkatiphunzitsa nokha kuti tizisunga kope tisanalowetse chilichonse?

Ngati kope lilipo, tumizani. Ngati palibe, musandiimbire foni, ndipo database ya amayi musaikhudzenso. Mulungu akusungeni.

Zimene zatsala kuno ndi mayina ndi manambala basi.

Ine mlongo wanu,
Naomi