Mvula Yabwinobwino

Lolemba, 10 Febuluwale

"Akatswiri ofufuza za nyengo atsimikiza kuti kuyambira Januwale mpaka Malichi dera lino lilandira mvula yabwinobwino. Chiopsezo cha madzi osefukira chili m'mbali mwa nyanja ya mchere ku Mozambiki ndi kuchigwa cha Shire. Anthu akumtunda asade nkhawa."

Ndi mmene likunenera pepala lomwe ndinamata pa chitseko cha tchalitchi mu Disembala. Ndalikopera muno chifukwa dzuwa layamba kudya inki. Linabwera m'Chingerezi, wolimasulira ndine, ndipo nditaliwerenga ku mphakati anthu anawomba m'manja ngati mvulayo ndikagwetsa ineyo.

Kabotolo koyezera mvula m'mawa uno: 0 mm. Masiku 12 tsopano ndikutumiza ziro.

Ishaq wa lole ya mchenga wandipeza ndikusuzumira m'kabotolomo. Akuti anthu a ku yunivesite anasankha bwino, Bangwe yense palibe wina amene angadzuke 8 koloko kukayeza mphepo. Ndamuuza kuti anafuna munthu wa Fomu 4 wosachoka pakhomo, ndipo makina anga osokera sayenda ulendo. Waseka, wapita.

Lachitatu, 12 Febuluwale

0 mm. Kutentha kokhala ngati Okutobala.

Masana ndinatsikira kumunsi kukaona amayi aang'ono, a Magdalena. Kuyambira pomwe anagwidwa ndi sitiroko chaka chatha, mbali yakumanja sigwira ntchito ndipo mawu amatuluka awiri kapena atatu basi. Ndinapeza amuna awo, bambo Ambrosi, akuwamwetsa phala. Supuni ya munthu wina aliyense amayi amaitsekera pakamwa, ngakhale yanga. Zaka 41 za banja zathera pa supuni imeneyi.

Wailesi imanena kuti m'nyanja ya mchere mwabadwa namondwe, akulunjika ku Kelimani, ku Mozambiki. Bambo anapukusa mutu kumvera chisoni abale awo a kumeneko. Akuti munthu womanga pafupi ndi nyanja amachita dala. Ananena zimenezi atakhala pakhonde loyang'ana khwawa lomwe lili mapazi khumi kuchoka pa khoma lawo.

Nyumbayo anamanga okha mu 1989, njerwa zootcha okha, ndipo nthawi ya namondwe wa Freddy inaima pomwe za anzawo zinagwa. Nkhani imeneyi ndaimva mwina ka 50. Lero anawonjezera kuti khwawalo limawadziwa.

Lachinayi, 13 Febuluwale

2 mm. Mitambo ikuchokera kummawa, yotsika.

Kwabwera Alinane, wa gulu la ofufuza lija, amene ndimamutumizira manambala pa watsapu. Amayendera mabotolo onse namondwe asanafike. Ndinamuonetsa pepala langa pa tchalitchi monyadira. Anawerenga kawiri, kenako anafunsa mwaulemu kuti liwu loti "yabwinobwino" ndinalitenga pati.

Ndinati pa "normal". Nanga normal si bwinobwino? Munthu akachira timati ali normal.

Anandifotokozera titaima pomwepo. Kwa iwo liwulo ndi la masamu. Amaphatikiza mvula yonse ya miyezi itatu, n'kuyerekeza ndi ya zaka 30 zapitazo. Ikafanana, ndiye normal. Silinena kuti mvulayo igwa modekha kapena mwaukali. Ikhoza kugwa pang'onopang'ono masiku 90, ikhozanso kugwa theka lake masiku atatu, pa pepala lawo n'chimodzimodzi. Ananenanso kuti kafukufuku wawo kwenikweni ndi wa m'mbali mwa nyanja, kumene amadziwa kutalika kwa mafunde mpaka pa sentimita. Za makwawa a ku Bangwe makompyuta awo sakuzidziwa bwino, n'chifukwa chake anazika mabotolo.

Kenako analoza chiganizo chomaliza, cha anthu akumtunda chija. Anati m'Chingerezi munalibe.

Munalibedi. Ndinachiwonjezera ndine kuti pepala lithe bwino. Chilengezo chongothera pa chigwa cha Shire chimaoneka chosamaliza, ngati diresi yopanda mpendero.

Ndatsegula kope la manambala. Miyezi itatu imeneyi timayenera kulandira cha m'ma 600 mm. Chiyambire Januwale ndalemba 118. Ndinafunsa Alinane ngati yotsalayo ili m'njira. Anati sizigwira ntchito choncho, mitambo siwerenga kope langa. Koma ananena akuyang'ana kuphiri.

Lachisanu, 14 Febuluwale

11 mm, ndipo chiyambire 10 koloko dzulo usiku sinasiye. Si yamphamvu. Ndi ija yosapuma, yopanda bingu.

Ndachotsa pepala pa tchalitchi. Ku mphakati madzulo ano ndinaimirira n'kunena kuti ndinamasulira molakwa, ndipo chiganizo chomaliza chinali changa. Ndinayembekeza kukalipiridwa. M'malo mwake amayi ena anati ndisadzichepetse, pepala lija linali lomveka bwino kuposa zomwe ndikunena panozi. Wina anafunsa ngati akatswiriwo asintha maganizo. Ndinati ayi. Ndiye vuto lili pati? Anthu anakonda bodza langa, likuwakwana ngati malaya osokedwa pa muyezo.

Ndinaperekeza bambo Ambrosi kutsika. Ndinawapempha kuti amayi abwere kwanga masiku atatu okha, kuno n'kokwera ndipo khwawa lili kutali. Anaima pansi pa ambulera yanga n'kunena kuti:

"Anasitaziya, si iwe unatiwerengera kuti yabwinobwino? Ukufuna ndikhulupirire iwe wa Disembala kapena iwe wa lero?"

Ndinati wa lero. Anati wa Disembala anali ndi pepala.

Kenako chifukwa chenicheni chinatuluka. Akuti mkazi wawo sangatulutsidwe m'nyumba pa matiresi, anthu anayi atagwira m'makona, mzere wonse ukuonerera. Amatuluka choncho ndi maliro. Azimayi a pamenepo angayambe kulira asanafunse. Magdalena akali moyo, ndipo iwo sangamuchititse manyazi otero chifukwa cha kabotolo ka pulasitiki.

Masamu anga sanafike kumeneko.

Loweruka, 15 Febuluwale

94 mm. Ndinawerenga katatu. Alinane anayankha ndi liwu limodzi: "Zoona?" Ndinamutumizira chithunzi.

Wailesi ikuti namondwe wafika pamtunda kumpoto kwa Kelimani ndipo wafooka. Liwu lina lofunika kusamala nalo. Kufooka kwake n'kwa mphepo, madzi sanawasiye kunyanja.

Ishaq sanapite kokatapa mchenga. Akuti kumtsinje madzi asanduka ofiira ndipo akubwera ndi zitsa, kutanthauza kuti phiri layamba kusenda. Iye alibe satifiketi koma mtsinje amauwerenga tsiku lililonse ndi fosholo.

Ndinatsika 11 koloko. Khwawa ladzaza theka. Bambo anali panja ndi khasu, akukonza ngalande, akuimba nyimbo ya Chilomwe ngati munthu wopanda nkhawa. M'nyumba munali fungo la dothi lonyowa. Ndinakhala pa bedi la amayi. Anandigwira dzanja ndi dzanja lawo lamoyo lija, n'kulikokera ku khoma la kumutu. Khomalo linali lozizira, lotuluka thukuta.

"Pansi," anatero. "Akulira."

Ndinagwada n'kuika khutu pa simenti. Ndinamva. Madzi akuyenda pansi pa nyumba, kaphokoso ngati m'mimba mwa munthu wanjala. Munthu wogona chaka chathunthu pamalo amodzi amaidziwa nyumba kuposa woimanga.

Ndinaitana bambo kuti amve okha. Anakana kugwada, akuti bondo. Amayi anawayang'ana nthawi yaitali, kenako anatulutsa mawu omwe sindinawamvepo chichokereni kuchipatala, athunthu:

"Ambrosi. Ndikacheze kwa mwana."

Nzeru inali yawo, ine ndinangoisoka. Osati kuthawa, kukacheza. Ndinawasambitsa, kuwaveka bulauzi yoyera ndi chitenje cha Amayi Akatolika, duku, ngakhale nsapato. Tinawakhazika pa mpando wa pulasitiki. Ishaq anabweretsa lole mpaka pomwe msewu umathera, iye ndi bambo ananyamula mpandowo ngati wa mfumukazi, ine nditagwira ambulera. Palibe matiresi. Anthu a pamzere anatuluka m'makonde, ndipo amayi anakweza dzanja kuwabayibitsa. Wina anafuula kuti akatigulire zabwino ku tauni. Palibe analira.

Ishaq anawakhazika kutsogolo n'kuwauza kuti a mayi, lero ndinu kondakitala, muziitanira.

Bambo anabwerera kumunsi. Akuti nyumba siisiyidwa yokha, ndipo mlendo ndi mmodzi.

Madzulo amayi akana phala. Supuni yanga aitsekera pakamwa monga mwa masiku onse. Ndinayesa tiyi, ndinayesa nthochi. Ayi. Poyamba ndinakwiya. Kenako ndinawayang'ana bwino m'maso, n'kuona kuti si matenda. Akudziwa chimene akuchita.

Lamulungu, 16 Febuluwale

Kabotolo kasefukira. Kamathera pa 150 mm. Ndalembera Alinane kuti 150 ndi zina zomwe zatayika. Wafunsa kuti zingati. Ndati akafunse udzu.

Kutchalitchi sitinapite. Magetsi kulibe. M'mawa amayi akananso kudya. Foni ya bambo inali yozima, ndiye 10 koloko ndinatsika ndekha, madzi m'maondo pa njira ya kumsika. Khwawa silikuonekanso kuti ndi khwawa, langokhala mtsinje, ndipo madzi amanyambita sitepe ya khonde. Mabanja awiri a pamzerewo anali atachoka kale, ena amamanga katundu. Ndinawapeza bambo akuunjika matumba a mchenga pakhomo, atanyowa mpaka mkati.

Sindinatchule mamilimita. Sindinatchule namondwe. Ndinangoti amayi sanadye chichokereni dzulo masana, ndipo mankhwala a BP samwedwa m'mimba mopanda kanthu.

Anandiyang'ana ngati ndawabera. Anati ndilibe luso, supuni imalowera kumanzere. Ndinavomera kuti ndilibe luso. Analowa, anatenga supuni yawo ija ya chigwiriro chopindika, anakhoma chitseko ndi loko, anayesa lokoyo kawiri. Anati akangowadyetsa abwerera, mphindi 30 basi.

Amayi anadya ngati mwana wa sukulu. Koma pang'onopang'ono. Supuni iliyonse amaisunga m'kamwa nthawi yaitali, akuyang'ana kudenga. Mbale itatha analoza poto. Bambo anang'ung'udza kuti munthuyu kwawo sadya chonchi. Mbale yachiwiri inali pakati pamene tinamva.

Sindidziwa kulemba kwake. Ngati malole khumi a Ishaq akukhuthula miyala nthawi imodzi, koma osasiya. Makapu anagwedezeka pa shelefu. Kenako anthu kukuwa kumunsi.

Bambo anaimirira supuni ili m'manja. Amayi anawagwira malaya ndi dzanja lamanzere. Sanawasiye mpaka phokoso litatha, ndipo litatha sanawasiyebe.

Nthawi inali 12:40.

Lolemba, 17 Febuluwale

61 mm. Yayamba kupuma.

Pamzere wa kumunsi palibe wamwalira. Mwamuna mmodzi wathyoka mwendo, Ishaq anamutengera kuchipatala pa lole. Anthu akugona kutchalitchi. Pa chitseko patsala timapepala tinayi ta m'makona, pomwe panali guluu.

Alinane waimba. Mawu ake anali otopa. Akuti manambala anga ndi okhawo a mbali ino ya phiri, ena mabotolo awo anakokoloka. Ndinamuuza kuti ndaphatikiza kope lonse: 118, 11, 94, 150, 61. Zakwana 434, kupatula zotayika. Kwatsala masabata asanu ndi limodzi. Ndinamufunsa kuti tikafika pa 600 pofika kumapeto kwa Malichi, chaka chino adzachilemba kuti chiyani. Anati normal.

Ndamupempha kuti chaka chamawa pepala tidzamasulire limodzi, ndipo Ishaq adzakhalepo.

Bambo sanayankhule chichokereni dzulo, kupatula kufunsa ngati ndili ndi shuga wa phala. Masana anati ndiwaperekeze. Tinatsika pang'onopang'ono, iwo patsogolo, kiyi ali m'manja.

Nyumba palibe. Patsala sitepe ya khonde, ndi matumba atatu a mchenga ali mmene anawasanjira. Pomwe panali bedi la amayi pakhala mwala waukulu ngati minibasi.