Mkazi wanga anazula disiki kuti atchaje foni

Aphungu,

Mtima wanga suli m'malo. Ndimakonza mafoni pano pa Mbamba Bay, ndipo mwezi uno ndinayamba kumanga Linux yangayanga, pulogalamu yoyendetsa kompyuta yonse, kuchokera ku makodi ake. Laputopu yanga ndi yakale, malo ilibe, ndiye zonse ndikumangira pa disiki yakunja yolumikiza ndi chingwe. Ndimayamba ndaimaunta, kutanthauza kuuza makina foda yomwe izikhala khomo la disikiyo, kenaka ntchito imayenda yokha maola ambirimbiri.

Vuto n'lakuti bowo la USB logwira ntchito latsala limodzi. Lachiwiri lapitali, ntchito ya masiku awiri itatsala pang'ono kutha, mkazi wanga Oliva, yemwe amagulitsa tinsomba ta dagaa, anazula disiki n'kulowetsapo foni yake, poti mutu wa tchaja yake unapsa mwezi watha. Ndinakalipa mpaka aneba anatuluka panja. Iye anangoti, "Wateja anga ogula dagaa aku Mbinga aziimbira disiki yanuyo?"

Chiyambire tsikulo sakundilankhula, ndipo dzulo wanena zopita kwa amayi ake ku Lipingo. Disiki nayo yasintha dzina: inali sdb, lero ikuti sdc. Ndikuopa kuikhudza, komanso kukhala pansi ndikulephera. Ndiyambire pati?

W.K., Mbamba Bay

Achimwene W.K.,

Fundi wa mafoni, mayi wa kunyumba mwezi wathunthu alibe tchaja? Pamenepa wandichititsa manyazi ndinu, osati Oliva.

Za disiki musade nkhawa. Dzina limasintha chifukwa makina akugwirabe dzina lakale lija, poti disiki inachoka osatsanzika. Zimitsani laputopu, muyatsenso. Musanamaunte, onetsetsani ndi lamulo la lsblk kuti disiki yanu ndi iti, ndipo muiyeze ndi lamulo la fsck ngati sinaonongeke. Kenaka siyani kudalira sdb kapena sdc. Disiki iliyonse ili ndi nambala yake yosasintha, UUID. Lembani imeneyo mu fayilo ya fstab. Nthawi zonse musanapitirize, funsani ndi lamulo la df ngati disiki yamauntidwadi, apo ayi muzidzangothira zonse m'laputopu momwe mpaka idzaze. Gawo lomwe linadukalo lifufuteni, muliyambenso. N'zowawa, ndikudziwa.

Koma zonsezi n'zamawa. Lero tsekani laputopuyo, mukatenge tchaja kushopu kwanu, mukaipereke m'manja mwa Oliva. Mupepese ndi mawu okweza ngati momwe munakalipira muja, aneba omwewo amvenso. Mumufotokozerenso zomwe mukumangazo. Iye ankangoona kabokosi kakuphethira, pomwe foni yomwe imagulitsa nsomba zake ikuzima.

Chenjezo langa ndi ili: musalowetsenso disiki pabowolo foni yake isanapeze potchajira. Masiku awiri a makinawo mudzawabweza pofika sabata yamawa. Oliva akakwera galimoto ya ku Lipingo, mudzafunika ankhoswe.

Aphungu