Masiku Anayi

Lolemba, 9 Juni

Paperete ya m'mawa abwana atiwerengera kalata yochokera ku likulu. Malamulo a penshoni asintha. Wapolisi amene akhale atakwanitsa zaka 20 pa ntchito pofika pa 30 Juni atsala m'dongosolo lakale: sadulidwa kanthu, ndipo popuma adzalandira monga anatilonjezera polowa. Otsalawo alowa m'latsopano: kudulidwa mwezi ndi mwezi, popuma n'kutenga zomwe wasonkha. Zaka zakumbuyozi akuti "aziona." Aziona ndani, liti, abwanawo sakudziwa.

Ine kwanditsalira zaka zitatu kuti ndipume. M'zaka zitatu munthu angasonkhe chiyani?

Koma sindinade nkhawa. Kusukulu ya apolisi ndinafika pa 27 Juni, Lolemba, pa lole yoyamba. Ndawerenga katatu pa zala. Zikukwana.

Lachiwiri, 10 Juni

Mndandanda aukhoma pakhomo la ofesi. Dzina langa lili kwa atsopano.

Ndapita kwa mayi a ku ofesi ya malipiro. Atsegula fayilo osandiyang'ana. Akuti inu munayamba pa 4 Julayi, tsiku limene gulu lonse linalandira manambala. Ndawauza kuti ife a lole yoyamba tinafika sabata yathunthu m'mbuyo, tinkatchetcha udzu pabwalo la perete ndi kupaka miyala laimu. Iwo: "Bambo, udzu si umboni."

Masiku anayi!

Andiuza kuti ndikabweretsa tsamba la m'buku la pachipata cha sukuluyo losonyeza tsiku lomwe ndinalowa, andisintha. Malire ndi Lachisanu pa 20, 12 koloko masana.

Amake ana sindinawauze.

Lachitatu, 11 Juni

Chimtulo ali kwa akale. Chimtulo! Tinakwera lole imodzi, benchi imodzi. Ifeyo tikutuluka matuza ndi chikwakwa, iye anati m'mimba mukumupota, nakagona kuchipatala cha sukulu masiku asanu. Kadi yakuchipatalayo anaisunga, ili ndi chidindo cha pa 28 Juni. Aona kadi, amupatsa zaka 20 zake.

Pa tiyi wandikuwira anthu onse akumva: "A Rula, mwaona? Ulesi uli ndi chidindo. Khama lanu lija linamera udzu wina." Anthu kuseka. Inenso ndinaonetsa mano.

Amanditcha Rula chifukwa mizere ya m'buku la pakauntala ndimalemba ndi rula. Sindinapite patali ndi sukulu, ndinalekezera pulayimale, koma buku langa palibe woweruza anapezamo cholakwa. Lero dzinali landiwawa.

Lachinayi, 12 Juni

Ndaimbira sajeni wosunga katundu kusukulu ya apolisi. Akuti mabuku a pachipata a chaka chimenecho kulibe, anawotchedwa, lamulo limati buku likatha zaka 15 lipse. Ndamufunsa kuti anawotcha ndani. Ndamva akutembenuza mapepala. Kenaka akuti, "Akulu, kodi si inu munali kuno zaka zisanu zapitazo?"

Ndadula foni.

Kunyumba ndatsitsa sutikesi ya timabuku tanga pamwamba pa wadilopu. Tilipo 61, tonse m'ndondomeko yake. M'kabuku ka 44 ndazipeza, zolemba zanga zomwe, mzere wowongoka bwinobwino: "Buku la pachipata, Epulo mpaka Sepitembala. Lawotchedwa mu mgolo kuseri kwa sitolo, 10.40 m'mawa. Mboni: ine."

Ndikukumbuka tsikulo, paja ndine ndinkasunga katundu kusukuluko. Mabuku ena chikuto sichinkapsa bwino, ndinkatakasa ndi mtengo kuti pasatsale tsamba. Anzanga amene anasungapo sitolo ija ankangowaponya kudenga, makoswe n'kumadya pang'onopang'ono. Akanakhala iwo bwenzi bukulo lilipo.

Sindinalitsegule n'komwe.

Lachisanu, 13 Juni

Mutu. Sindinadye.

Loweruka, 14 Juni

Amake ana adziwa. Anamva kumpopi kwa mkazi wa Chimtulo, ndiye tangoganizani mmene anamvera. Sanakalipe. Anangopitiriza kusita yunifolomu yanga, kenaka: "Bambo ake, ndiye kuti nyumba ija tidzalowamo ndi maambulera?"

Nyumba yomwe tikumangayo inaima pa mawindo chaka chachitatu chino. Denga timadikira penshoni. Ndikapuma, nyumba ya boma ya kulaini ino atipatsa miyezi itatu kuti tituluke.

Ndawafotokozera za mgolo uja. Anaika ayironi pansi. "Inu, inu. Munthu wosunga ngakhale malisiti a sopo."

Lolemba, 16 Juni

Ndabwereranso kwa mayi a malipiro ndi kabuku kanga koyamba, komwe ndinalemba ndekha tsiku lofika. Akuti munthu sadzichitira yekha umboni. Zoona. Ndawauzapo anthu ambiri mawu omwewo pakauntala.

Koma mwina anandimvera chisoni. Anatsitsa mawu n'kunena kuti pali njira ina: munthu amene tsiku lake lavomerezedwa kale alumbire papepala kuti tinafika limodzi. Andipatsa fomu.

A lole yoyamba tinalipo 11. Ndalemba onse. Anayi anatisiya. Atatu anachotsedwa ntchito. Awiri ali kwa atsopano ngati ine. Wotsala mmodzi ndi Chimtulo.

Zaka 8 zapitazo ndinamulemba m'buku katatu m'mwezi umodzi kuti wafika mochedwa: 7.25, 7.40, 7.20. Mwezi umenewo ndi umene ankasankha oti akwezedwe. Usajeni unamudutsa. Anabwera kudzandipempha kuti ndikonze, ndinamuyankha kuti buku silinama. Ndi mmene ndinkayankhulira masiku amenewo.

Lachiwiri, 17 Juni

Ndamupeza kuseri kwa siteshoni, atakhala pa tayala la galimoto yakufa, nsapato atavula. Ndinayamba ndi moni wautali, ana, alamu, miyendo yake. Anandisiya ndizungulire mpaka ndinatulutsa fomu.

Waiwerenga pang'onopang'ono ngati wodwala maso.

"Pa 27 Juni... Achimwene, zaka 20 n'zambiri. Ine paja ndinkadwala, mutu sunkagwira."

Ndamukumbutsa kuti ndine ndinamunyamulira thumba potsika lole. Kuti ndinkamupititsira chakudya kuchipatala.

"Zinalembedwa pati?" Akumwetulira. "Si inu mumatiphunzitsa kuti chimene sichinalembedwe sichinachitike?"

Wandibwezera fomu ataipinda pakati. Ine pepala la boma sindipinda.

Lachitatu, 18 Juni

Ndapita kwa abwana. Akuti nkhaniyi ndi ya ku likulu, manja awo ndi omangika, koma ndisataye mtima, ndine chitsanzo kwa achinyamata. Akuyankhula akuyang'ana foni. Potuluka andikumbutsa kuti buku la mwezi watha likufunika kuti alisayine.

Chitsanzo. Chitsanzo chidzafolera nyumba?

Fomu ndaiika pansi pa mabuku olemera kuti mzere wopinda uja uwongoke. Sukuwongoka.

Amake ana akuti apite okha akagwade kwa mkazi wa Ch. Ndawaletsa. Andifunsa kuti nanga ulemu wangawu tidzauphika ndi chiyani.

Lachinayi, 19 Juni

Ch. wafika 7.15. Ndalemba 7.15. Anaima pakauntala, anayang'ana tsambalo, anandiyang'ana ine, n'kupukusa mutu. "Ayi ndithu, a Rula. Inu ndinu munthu wa Mulungu." Wapita akuimba mluzu.

Ndamva. Si mwana ine.

Tsiku lonse cholembera chimandilemera. Mayi wina anabwera kudzadandaula za njinga yobedwa, ndinamufunsa dzina kawiri.

Mawa 12 koloko.

Lachisanu, 20 Juni

Ndinafika 6.30 monga mwa masiku onse. Ndinapukuta kauntala, ndinalemba mizere. Onse a m'mawa analowa, ndinawalemba. Ndinasiya mzere umodzi wopanda kanthu pakati pa 6.55 ndi 7.05. Sindinasiyepo mzere chiyambire ntchito.

7.30 kulibe. 8 koloko kulibe. Abwana anadutsa n'kufunsa ngati onse afika. Ndinati eya bwana. Mawuwo anatuluka mosavuta, ndi chimene chandiopsa.

Wafika 8.50, maso ofiira, batani limodzi losamanga. Sanapereke moni. Anatsamira pakauntala, chigongono pa buku langa.

Ndinatenga cholembera. Pa mzere uja ndinalemba nambala yake, dzina lake, ndi 7.00. Ndinatembenuza buku kuti aone.

Anawerenga. Anaseka pang'ono, kam'mphuno.

"Tsopano ndakumbuka, achimwene. Munavala malaya abuluu, munasanza m'lole. Bweretsani pepala lija."

Wasayina. Ndapereka kwa mayi a malipiro 10.20, adinda, akuti ndili kwa akale. Andifunira mafuno abwino.

Pobwerera ndinamupeza akadali pakauntala, akusewera ndi rula yanga, akuimenyetsa pachikhatho. "Lolemba mwina ndichedwako pang'ono," akutero. "Ndi Lachiwiri lomwe."

Amake ana afunsa kuti zatheka bwanji. Ndati zatheka.

Rula ndaisiya kuntchito, m'dirowa.