Mabuku Athu Ali M'makatoni

Lolemba, 10 Malichi 2025

Zaka khumi ndi zinayi ndikugwira ntchito mulaibulale ya pakoleji pano pa Balaka, lero ndapeza mashelefu ali mbee. Mabuku onse anawalongedza m'makatoni Loweruka ine kulibe, n'kuwatsekera m'sitolo, chipinda chosungiramo katundu. A Chester, mkulu wa koleji, akuti: "Mayi Luckness, tsopano zonse zili pa intaneti. Alendo akubwera Lachisanu kudzatsegulira."

M'malo mwa mabuku aika makompyuta khumi. Ine anandiphunzitsa tsiku limodzi lokha chaka chatha, ndiye theka la tsikulo magetsi anali atathima. Osandifunsa n'komwe! Mtima ukuwawa.

Lachiwiri, 11 Malichi

Netiweki kulibe tsiku lonse. Ndangopukuta fumbi.

Lachitatu, 12 Malichi

Kunabwera a Swaibu, mphunzitsi wa pulayimale wa kwa Kalembo amene akuchita digiri kuno. Apalasa njinga kuyambira m'mamawa kudzafuna buku limodzi la kaphunzitsidwe. Mayeso ali Lolemba. Analephera kale kamodzi, akalepheranso awachotsa sukulu.

Ndinawakhazika pakompyuta. Akuti: "Amayi, ndidine pati?" Ndinayesa ndekha, pasiwedi yandikana katatu. Ophunzira ena akuseka kumbuyo. Bambo wamkulu wa imvi zake, thukuta kamukamu, n'kumapepesa ine ngati walakwa ndi iye.

Ndinapita kwa a Chester kukapempha kiyi ya sitolo. Akuti: "Iyayi, mukatulutsa limodzi onse afuna. Azolowere." Azolowere chiyani poti palibe wawaphunzitsa?

Lachinayi, 13 Malichi

A Chester andipatsa pepala la mawu oti ndikanene kwa alendo mawa. Akuti ndikati ndife okonzeka. Asankhanso ophunzira odziwa kale makompyuta kuti adzakhale pamipando. Ndaliwerenga m'minibasi pobwerera ku Liwonde, mpaka kondakitala kundifunsa ngati ndalandira uthenga wa maliro.

Sindidana ndi makompyuta ine. Ndimafuna kuwadziwa. Koma bodza ayi.

Lachisanu, 14 Malichi

Alendo anabwera. Mtsogoleri wawo, mayi Jacqueline, anandifunsa pamaso pa onse: "Inu monga woyang'anira, mwakonzeka?"

Ndinati iyayi.

A Chester kutsokomola. Ine ndinakoka mpando n'kuwapempha mayiwo kuti afufuze okha buku la a Swaibu. Netiweki lero inalipo. Anafufuza, kufufuza. Bukulo mulibemo. Ndinawauzanso kuti ophunzira ambiri sanagwirepo kompyuta chibadwire, ndipo ine ndemwe ndimangophunthwa.

Mayi Jacqueline anatembenuka n'kufunsa: "Kiyi ya sitolo ili ndi ndani?"

Loweruka, 15 Malichi

A Swaibu ndinawaimbira dzulo, afika isanakwane 8 koloko. Buku lawo linali m'katoni yachisanu, chikuto chitadyedwa ndi chiswe. Akhala pakona, akuwerenga, sakudzutsa mutu.

A Chester andidutsa osapereka moni. Patebulo panga pali envulopu yochokera ku ofesi yawo. Sindinaitsegule. Kwatsala makatoni makumi atatu oti ndimasule.