Lero lokha lowani ndi nsapato

Amake Hyerim,

Mwafika bwino? Pepani simunandipeze, ndathamangira ku tauni kukatenga wokonza mapaipi, foni yake sakuyankha. Lero lokha lowani ndi nsapato, musavule pakhomo monga timachitira masiku onse, pansi pazizira ngati mwala wa kumtsinje.

Wolakwa ndine. Pamene munkapita ku Daejeon kukaona kamdzukulu munandiuza kuti makina otenthetsa pansi ndizingowachepetsa, osawazimitsa. Ine kuona mmene gasi wakwerera chaka chino, ndinazimitsiratu sabata yonse, n'kumagona ndi jekete ndi chipewa. Ndimati gasiyo ndikusungireni inu ndi mawondo anuwo, kuti mukabwera pansi pazitentha mpaka mudandaule. Ndiye taonani nzeru zanga: ndi chisanu chadzaoneni chili kunjachi, madzi aundana m'mapaipi onse otenthetsera pansi pa nyumba.

Chonde makinawo musayatse, ndipo musathire madzi owira pa mapaipi, angaphulike. Mpope wa kukhitchini ndausiya ukudontha dala kuti madzi akenso asaundane, musautseke. Kabichi wanu wa mu mitsuko ali bwinobwino, iye yekha ndiye wakondwa ndi chisanuchi.

Pitani kuchipinda chaching'ono. Ndayatsa bulangete lamagetsi, ndipo pansi pake ndabisapo mbale ya mpunga yovundikira, monga ankachitira amayi anu. Musaikhalire. Msuzi ndaphika ndekha, mchere wake mundikhululukire.

Ndikudziwa kuti mundikalipira, ndipo ndi zoyenera. Sabata yonseyi m'nyumba muno munali zii, moti ndakusowa kukalipako. Ndikungopempha chimodzi: muzindikalipira mutafunda.

Ndine chitsiru chanu chija,
Pil-gu